Mbawa ya m'Paki ya pa Nangwale

1. Khonsolo yauma m'thumba

Munthu wochokera ku tauni ya Zomba akamva anthu a pa doko la Nangwale akutchula paki, ankayembekeza kuona maluwa ndi kapinga wometa bwino. Akafika ankaseka. Chimene ankapeza chinali kamtunda kamodzi ka mithethe, mabenchi opendama, mpanda wa nkhadze wobowokabowoka, ndi mbawa yaikulu pakona ya kum'mawa. Paki yake inali yomweyo.

Komabe musaiderere. Kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa mthunzi ndi wosowa. Mitengo yambiri inathera kuwamba matemba ndi milamba, ndipo dzuwa la kumeneko likakwiya ngakhale galu amasowa kothawira. Asodzi ankasokera maukonde m'pakimo. Amayi ochokera ku minda ya mpunga ku Likangala ankatuliramo katundu. Khonsolo inkalipira mlonda, Che Amidu, kuti azisesa ndi kuthamangitsa mbuzi komanso anthu a nkhwangwa.

Chaka chimenecho khonsolo inati yauma m'thumba. Chilichonse chinachepetsedwa: mankhwala a kuchipatala, osesa mumsika, okonza msewu wa ku Kachulu. Funso linatsala pa paki. Kodi nayonso ilawe nawo mkwapulo, kapena isiyidwe? Ena anati mlonda achotsedwe, mitengo igulitsidwe, malowo asanduke oyanikapo nsomba. Tcheyamani wa chipani, a Tomusoni, anaitanitsa msonkhano wa Loweruka, ndipo aliyense ankadziwa kale kumene mtima wawo unapendekera.

2. Lichero lagwa

Veronika anali mu Sitandade 8, ndipo pa nkhani ya pakamwa panalibe womuposa. Pa mtsutso wa kusukulu anyamata ankachita kukana kuima mbali yotsutsana naye. Choncho a tcheyamani atapempha kuti mwana wa sukulu mmodzi adzayankhule m'malo mwa achinyamata, mphunzitsi wamkulu, a Medisoni, sanavutike kusankha. Anamuuziratu ndi mbali yoti aime: paki ithe.

Veronika analandira ndi manja awiri. Kunena zoona, kamtima kodzimva kanalipo ndithu.

Bambo ake, a Gerishomo, anali mmisiri wosema mabwato, koma mmisiri wopanda mtengo. Mitengo ya mabwato inali itatha m'chigwa chonsecho, ndipo iwo ankangokhalira kumata mabwato akale a anthu ndi phula ndi zitini. Mbawa ya m'paki ankaiyang'ana ngati mmene mwana amayang'anira mango a eni ake. Akamadutsa ankaima, kuikumbatira poyeza kukula kwake, kuigogoda ndi chibakera, kenaka kupukusa mutu. Tsopano a tcheyamani anali atawalonjeza kuti paki ikatha, mbawayo idzakhala yawo.

Lachinayi madzulo Veronika anaima pakati pa bwalo kuyeserera mawu ake. Bambo ake ankanola nkhwangwa pa mwala, mayi ake, a Alefa, ankapeta mpunga pakhonde.

"Kodi mthunzi unayamba wachizapo malungo?" anatero Veronika akuloza nkhuku ngati ndizo anthu a pamsonkhano. "Kodi mayi wodwala tingamupatse tsamba la mthethe m'malo mwa jekeseni? Ngati chipatala chikumva kuwawa, paki ndi ndani kuti isamve nawo?"

A Gerishomo anaseka mpaka kuika nkhwangwa pansi. "Ameneyu ndiye mwana wanga. Ukamaliza iwe, ine ndiyamba."

A Alefa anasiya kupeta. "Mitengoyo akudula yonse?"

"Yonse," anayankha a Gerishomo.

"Ndi mbawa yomwe?"

"Mbawayo ndiye yoyamba, mayi a Vero. Tidzazula ndi chitsa chomwe, malowo asalazidwe."

Lichero linagwa. Mpunga unamwazika pansi, nkhuku zinathamangira, koma a Alefa sanazipirikitse. Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Veronika anadabwa kwambiri, pakuti mayi akewo anali munthu wotola mpunga kanjere ndi kanjere ukatayika.

"Ndi dzuwali," anatero a Gerishomo, n'kupitiriza kunola.

3. Mawu a mayi aakulu

Tsiku lotsatira, Veronika atangoweruka kusukulu, anapeza a Malita akumudikira panjira. A Malita anali mkulu wawo wa a Alefa, mayi wamtali wosakonda kuseka, amene ankaitanidwa paliponse pamene mayi wayamba kudwala matenda a uchembere. Anati akufuna wowasenzetsa mpunga kumunda.

Atafika kumundako, Veronika sanaone mtolo uliwonse.

"Khala pansi," anatero a Malita. "Ukukumbukira chaka chija nyanja inasefukira, madzi mpaka kulowa m'tchalitchi? Unali wamng'ono, koma sungaiwale kuti mayi ako anali oyembekezera. Tinakuuza chiyani?"

"Munati mwana anabwerera panjira."

"Ee, ndi mmene timanenera. Mwanayo anabadwa, koma sanalire. Wotere timati mtayo. Mtayo sitiimbira nyimbo, sitikhomera bokosi, sitilira mokweza. Amuna sapitako ndipo safunsa. Bambo ako anali kunyanja. Atabwera tinangowauza kuti zalephereka, iwo n'kuvomera, basi. Timanyamula ife amayi tokhatokha, n'kukumba kadzenje kosazama, chifukwa ukazamitsa umatseka mimba ya mayi wake. Tsono chaka chimenecho manda onse anali m'madzi. Tikanapita kuti? Mtunda wouma unali umodzi wokha."

Veronika anawayang'ana. "Ku paki?"

"Pansi pa mbawa, mbali yotulukira dzuwa. Ndipo si wa mayi ako yekha. Chinali chaka choipa, cha njala ndi matenda. Amayi ambiri a pano ali ndi wawo pamenepo."

Maganizo a Veronika anathamangira ku paki. Anakumbukira kuti mayi ake akamachokera kumunda sankakhala pa benchi. Nthawi zonse ankakhala pansi, mbali yomweyo ya mbawa, chikhatho atachiika pa dothi. Iye ankawaseka kuti amaopa benchi ngati ndi ya azungu. Anakumbukiranso kuti iye mwini anakhala akusewera phada pamalo omwewo.

"Tsono tamvera bwino," anapitiriza a Malita. "Izi sindinayenera kukuuza, pakuti iwe sunabereke. Ndakuuza chifukwa pakamwa pakopo ndi pamene pagwetse mtengo uja mawa. Koma mawu awa asatuluke. Usauze aphunzitsi, usauze mnzako, makamaka usauze bambo ako. Mwamuna akadziwa pamene pagona mtayo amayamba kulira, ndipo kulira kwa mwamuna kumaitana mtayo wina. Ndi mmene anatiuzira amayi athu kuchokera kwathu kum'mawa, ndipo ine sindinaonepo chifukwa choyesera. China, malo aja ndi a boma. A khonsolo akamva kuti tinaikamo ana, adzati taipitsa malo a boma, ndipo okwera galimoto ya apolisi tidzakhala ife: ine, mayi ako ndi ena onse. Ife amayi pamsonkhano sitipatsidwa mpata, kwathu ndi kuimba ndi kululutira. Iwe wapatsidwa. Uli ndi nzeru za kusukulu. Peza njira yoti mtengo uja uime, koma za ana aja pakamwa pako pakhale potseka. Wamva?"

"Ndamva, mayi aakulu," anayankha Veronika. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono ngati a kamwana.

4. Mawu a aphunzitsi

Loweruka m'mawa Veronika anapita kunyumba kwa a Medisoni. Anawauza kuti sangathenso kunena zimene anakonza. Atamufunsa chifukwa chake, anangoti sangafotokoze.

A Medisoni anasuzumira panja, n'kutseka chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, ndikuuze zimene sindingakuuze m'kalasi. Masiku ano msonkhano suitanidwa kuti anthu akasankhe. Umaitanidwa kuti anthu akaombe m'manja pa zimene zasankhidwa kale. Ndaonapo aphunzitsi anzanga atanyamulidwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amene ukuganiza iwewo, ndipo ena sitinamve kumene ali mpaka lero. Mayeso ako ayandikira. Dzina lako likada kwa anthu aja, ku sekondale sudzapondako ngakhale ukhoze bwanji. Ndipo woyamba kufunsidwa kuti mwanayu wamuphunzitsa ndani ndidzakhala ine. Sukuyenera kukhulupirira zimene ukanene. Kanene basi, ukhale pansi. Mitengo imamera ina."

Veronika anathokoza n'kutuluka. Anali ndi mantha, ndipo mantha akewo anali oyenera.

5. Msonkhano

Msonkhano unachitikira m'paki momwemo, pakuti kunalibe malo ena a mthunzi. Amuna amene anabwera kudzathetsa mthunziwo ankachita kukankhana polimbirana pokhala posaomba dzuwa. Pachipata anyamata a chipani a malaya ofiira ankaona makadi a umembala. Amayi anakhala pansi monga mwa nthawi zonse, koma tsiku limenelo onse anaunjikana mbali imodzi, kuzungulira mbawa. Palibe mwamuna amene anaonapo chachilendo.

Kalaliki wa khonsolo anafotokoza za kuchepa kwa chuma. Wamalonda wina wa nsomba ananena kuti matemba akuola chifukwa chosowa poyanika. Che Amidu, amene ntchito yawo inali pampeni, sanafunsidwe kanthu. Anangokhala pambali atagwira tsache lawo.

Kenaka a tcheyamani anati, "Tsopano timve ana athu, atsogoleri a mawa."

Veronika anaimirira. Bambo ake anali kutsogolo, nkhwangwa itatsamira pa mwendo, akumwetulira uku ndi uku kuti aliyense adziwe mwini mwana.

"Zikomo a tcheyamani, zikomo makolo nonse," anayamba motero. "Ndi zoona kuti mthunzi suchiza malungo. Ngati chipatala chikumva kuwawa, paki imve nawo. Khonsolo isawonongenso kanthu pa paki ino. Ife atsikana a pasukulu tizisesa tokha, tizikonza mpanda tokha." Anakweza mawu. "Koma mitengo isadulidwe. Chuma chikachepa chaka chino, chikhoza kubwerera chaka cha mawa. Mbawa iyi ikagwa lero, palibe aliyense wa ife pano adzakhale pansi pa inzake. Ndikupempha kuti mitengo iime."

A Medisoni anaweramitsa mutu ngati ali pa maliro. Kumwetulira kwa a Gerishomo kunauma pankhope.

A tcheyamani anayang'ana Veronika. "Mawu amenewa ndi amene anakonzedwa kusukulu?"

"Iyayi. Ndi anga."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Chabwino, khala pansi." A tcheyamani anatembenukira kwa anthu. "Mwana wayankhula zachibwana, timukhululukire. Amene akugwirizana ndi chitukuko aombe m'manja."

Amuna anaomba, ena mwamphamvu, ena mongogunditsa zala. Amayi sanaombe, sanalulutire. Koma manja a amayi panalibe amene ankawayang'ana.

"Zatha," anatero a tcheyamani. "A Gerishomo, mbawa ndi yanu. Yambani lero lomwe, anthu aone kuti pano sitizengereza."

6. Pansi pa mbawa

A Gerishomo ananyamula nkhwangwa. Anali atachita manyazi pamaso pa mudzi wonse, ndipo manyazi a mwamuna sachedwa kusanduka ukali. Anadutsa mwana wawo osamuyang'ana.

"Tasunthani amayi, mtengo ukugwa uwu."

Palibe mayi amene anasuntha. A Alefa anali pamalo awo a nthawi zonse, chikhatho chili pa dothi. A Malita anali pambali pawo, maso ali tong'o kuyang'ana kutsogolo.

"Mayi a Vero, simukundimva? Lero mwapangana kuti mundinyazitse, inu ndi mwana wanuyu?"

A Alefa anangokanikiza chikhatho pa dothi.

A Gerishomo anazungulira mbali ina ya mtengo, n'kulavulira m'manja, n'kukweza nkhwangwa. Inalowa m'khungwa ndi liwu limene linamveka paki yonse. A Alefa anadzidzimuka thupi lonse ngati nkhwangwayo yatema iwo.

Veronika anayang'ana mayi aakulu. A Malita anapukusa mutu pang'ono, kumukumbutsa. Iye anayang'ananso mayi ake. Nkhwangwa inakwera kachiwiri.

Veronika anathamanga n'kugwira mkono wa bambo ake.

"Choka, Vero."

"Ababa, tamvani kaye."

"Wayankhula kale. Mudzi wonse wamva."

Veronika anaimirira ndi zala za kumapazi, n'kufikitsa pakamwa pa khutu lawo, kuti asamve wina aliyense.

"Ababa, pansi pa mtengowu pagona mwana wanu."

Nkhwangwa inatsika pang'onopang'ono. A Gerishomo anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Wati chiyani?"

"Uja wa chaka cha madzi. Manda anali atamira."

A Gerishomo anayang'ana dothi. Anayang'ana pamene ankaima nthawi zonse poyeza mtengo uja ndi mikono yawo. Kenaka anakweza maso n'kuona amayi onse aja atakhala mozungulira, aliyense pamalo pake, ena chikhatho chili pansi. Anali munthu wanzeru. Sanafunikire kuuzidwa kuti mwana wawo sanagone yekha.

Anayenda ngati woledzera mpaka pamene panali a Alefa, n'kugwada. Mwamuna safunsa, ndipo iwo anali asanafunsepo zaka zonsezi. Tsiku limenelo anafunsa, monong'ona.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

A Alefa anayang'ana mkulu wawo, kenaka anayang'ana amuna awo.

"Wamwamuna," anatero. "Anali ndi zala zazitali ngati zanu."

A Gerishomo anatambasula dzanja lawo n'kuliyang'ana. Kenaka analiika pa dothi, pambali pa la akazi awo. Sanalire mokweza, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Amuna anzawo, amene sanamve kanthu, anayamba kung'ung'udza. A tcheyamani anayandikira.

"Bwanji a Gerishomo? Nkhwangwa yabuntha?"

A Gerishomo anapukuta nkhope ndi malaya, n'kuimirira. Veronika anawayang'ana pakamwa. Liwu limodzi lokha likanakwanira kukweza amayi onsewo pa galimoto ya apolisi.

"Mtengowu sunakhwime, a tcheyamani," anatero. "Bwato lake ling'aluka."

"Mbawa yonseyi sinakhwime? Ndiye tipatse owamba nsomba, adule nkhuni."

"Mwandipatsa ine pamaso pa anthu onsewa. Ndi wanga. Ndidzadula tsiku limene ndidzaone kuti wakhwima." Anatola nkhwangwa, n'kuipereka kwa Veronika. "Kaisiye kunyumba. Ine nditsala pano."

Ndipo anakhala pansi pakati pa amayi, chinthu chimene mwamuna wa pa Nangwale anali asanachitepo. Anthu anangoti kukamwa yasa. A tcheyamani anayang'ana bambo, anayang'ana mwana, n'kuitana mmodzi wa anyamata a malaya ofiira. Anamunong'oneza kanthu.

Veronika ananyamuka ndi nkhwangwa ija, yolemera kuposa mmene ankaganizira. Podutsa pafupi ndi a Malita anachepetsa liwiro, kudikira mawu alionse, abwino kaya oipa.

"Mtengo waima," anatero a Malita osamuyang'ana. "Koma ndinakuuza kuti usauze mwamuna. Zimenezo tidzakambirana ife amayi."

Pachipata, mnyamata wa malaya ofiira uja anamutsekera njira. Anali mnzake wakale wa m'kalasi, ndipo sankatha kumuyang'ana m'maso.

"Vero, a tcheyamani akuti Lolemba ukafike ku ofesi ya chipani pamodzi ndi aphunzitsi ako," anatero. "Akuti za pamsonkhano angathe kuiwala. Chimene akufuna kumva ndi chimene wanong'oneza bambo ako."